Mlatho ukakokoloka, uthenga umadzera kuti? Tiphunzire OSPF pa mapu a Ntcheu

Aliyense amene anakwerapo minibasi kuchokera ku Dedza kulowera ku Balaka amaudziwa msewu wa M1. Mumadutsa pa Masasa, pa Lizulu, pa Mlangeni, pa Ntcheu boma, pa Kampepuza, mpaka kukafika pa Chingeni pamene pali chipata cholipiritsa galimoto. Tiyerekeze kuti mvula yagwa usiku wonse ndipo mlatho wina pakati pa Ntcheu boma ndi Chingeni wakokoloka. Dalaivala wa lole ya kachewere amene nkhaniyi yamupeza ali pa Masasa sangataye nthawi. Akhotera kumanzere, atsika Khwekhwerere mpaka pa Golomoti, kenaka atenga msewu wa M5 wodzera ku Kasinje, umene umakalowanso mu M1 kufupi ndi Chingeni. Ulendowo utalika ndipo mafuta apita ambiri, koma katundu afika. Mnzake amene sanamve kanthu akaima pamlathopo manja ali m'khosi.

Dalaivala woyambayo zamuyendera pa zifukwa ziwiri. Msewu wina unalipo kale, komanso uthenga woona unamufika nthawi yabwino. Makompyuta akamatumizirana mauthenga amadaliranso zinthu ziwiri zomwezi. M'nkhani ino tiona momwe makina otchedwa marauta amadziwitsirana za misewu yawo pogwiritsa ntchito ndondomeko ya OSPF, komanso momwe inu ophunzira a Computer Studies mungaikhazikitsire ndi manja anu.

Ntchito ya rauta

Mukatumiza chithunzi pa WhatsApp kapena ndalama pa Mpamba ndi Airtel Money, uthengawo suyenda wathunthu. Umadulidwa m'timapaketi ting'onoting'ono, ndipo kapaketi kalikonse kamanyamula adiresi ya kumene kakupita, yotchedwa adiresi ya IP. Pa mphambano iliyonse ya netiweki pamakhala rauta. Rauta imawerenga adiresi ija, imayang'ana mu ndandanda wa njira umene yasunga, n'kutulutsira kapaketiko pa khomo loyenera. Khomo ndi pamene pamalowa chingwe.

Kodi ndandandawo umalembedwa bwanji? Njira yoyamba ndi yoti munthu aulembe yekha. Pa ofesi imene ili ndi rauta imodzi ndi chingwe chimodzi chopita kunja, zimenezi n'zokwanira. Koma njira yolembedwa pamanja ili ngati chikwangwani cha m'mbali mwa msewu. Mlatho ukakokoloka kutsogolo, chikwangwanicho chimangolozabe komweko. Banki imene ili ndi nthambi m'maboma ambiri, kapena kampani ya mafoni imene ili ndi marauta mazanamazana, singadikire kuti munthu adzuke pakati pa usiku kukasintha zikwangwani. Imafuna marauta ouzana okha zimene zachitika.

Zam'maluwa ndi mapu

Pali njira ziwiri zazikulu zimene marauta a m'bungwe limodzi amauzirana nkhani. Yakale, imene chitsanzo chake ndi RIP, imayendera zam'maluwa. Masekondi 30 alionse rauta imauza anansi ake kuti kwakutikwakuti ine ndimafikako podutsa marauta angapo. Mnansiyo amangokhulupirira, n'kuwonjezerapo 1, n'kuuza wina. Palibe amene akuona msewu wonse. Chingwe chikaduka nkhaniyo imafala pang'onopang'ono, ndipo nthawi zina marauta awiri amangoponyerana kapaketi komweko, aliyense akuganiza kuti mnzakeyo ndiye akudziwa njira. RIP imawerenga chiwerengero cha marauta a panjira osalabadira liwiro la chingwe, komanso siitha kupitirira marauta 15.

Njira yachiwiri ndi imene akatswiri amaitcha link-state. Pano rauta imalengeza zimene ikuziona yokha basi: makomo anga ndi awa, anansi anga ndi awa, ndipo chingwe chilichonse mtengo wake ndi uwu. Chilengezocho chimafika kwa rauta iliyonse osasinthidwa. Rauta iliyonse imaphatikiza zilengezo zonse n'kukhala ndi mapu athunthu, ofanana ndi a anzake, kenaka imawerengera yokha njira yabwino kuchokera pamene yaima.

Maganizo amenewa anayamba kugwira ntchito mu 1979 pa ARPANET, netiweki ya ku America imene inabala intaneti. OSPF inasindikizidwa koyamba mu 1989, ndipo mlembi wake wamkulu anali John Moy. Mtundu umene umagwiritsidwa ntchito kwambiri lero unalembedwa mu 1998 m'chikalata chotchedwa RFC 2328, ndipo wa maadiresi atsopano a IPv6 uli mu RFC 5340 ya mu 2008. Dzina lonse ndi Open Shortest Path First. Liwu loyambalo likutanthauza kuti ndondomekoyi si ya kampani imodzi, choncho rauta ya Cisco, ya MikroTik, ya Huawei ndi ya Juniper zimamvana bwinobwino. Ndondomeko ina ya mtundu womwewu ndi IS-IS, imene makampani akuluakulu a intaneti amaikonda.

Masitepe anayi a OSPF

Choyamba ndi moni. Masekondi 10 alionse rauta imatumiza kauthenga kotchedwa Hello pa makomo ake. Marauta awiri akamvana, amakhala anansi. Pakapita masekondi 40 mnansi osamveka, rauta imaona kuti mnzakeyo wafa kapena chingwe chaduka.

Chachiwiri ndi chilengezo chija, chimene dzina lake ndi LSA. Rauta ikalandira chilengezo chatsopano imachisunga n'kuchipatsira anansi ake ena, mpaka chifike paliponse. Chilengezo chilichonse chili ndi nambala yosonyeza kuti chatsopano ndi chiti. Ngati palibe chasintha, mwini wake amangochibwereza mphindi 30 zilizonse. Chinthu chikasintha, amalengeza nthawi yomweyo.

Chachitatu ndi mapu. Zilengezo zonse pamodzi zimapanga nkhokwe imene iyenera kukhala yofanana mu rauta iliyonse ya m'dera limodzi.

Chachinayi ndi masamu. Rauta imagwiritsa ntchito njira yowerengera imene Edsger Dijkstra anaitulukira ku Amsterdam mu 1956 n'kuisindikiza mu 1959. Chitsanzo chake chinali cha misewu ndithu: kupeza njira yaifupi kuchokera ku Rotterdam kupita ku Groningen. Kuwerengera kotsata masitepe chonchi kumatchedwa algorithm, liwu lochokera ku dzina la al-Khwarizmi, katswiri wa masamu amene ankagwira ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800.

Tiwerengere limodzi

Jambulani madontho anayi papepala n'kuwatcha Masasa, Ntcheu, Chingeni ndi Golomoti. Alumikizeni mozungulira monga misewu ija ilili. Tsopano tipereke mtengo pa msewu uliwonse. Manambalawa ndi ongosankha pophunzirira, si makilomita. Masasa ndi Ntcheu, 10. Ntcheu ndi Chingeni, 10. Chingeni ndi Golomoti, 15. Golomoti ndi Masasa, 30, chifukwa Khwekhwerere ndi wokhotakhota.

Rauta ya Masasa imayamba ndi iyo yomwe, pa mtengo wa 0. Ikayang'ana anansi, Ntcheu ali pa 10 ndipo Golomoti ali pa 30. Imatenga wotsika mtengo, Ntcheu, n'kumutsimikiza. Kuchokera pa Ntcheu, Chingeni akuoneka pa 20. Pakati pa 20 ndi 30 wotsika ndi 20, choncho Chingeni watsimikizika kudzera ku Ntcheu. Kuchokera pa Chingeni, Golomoti angafikike pa 35, koma tili kale ndi njira ya 30, ndiye imeneyo ikhala. Masamu athera pamenepa. Lamulo lake ndi lakuti nthawi zonse uzitsimikiza dontho lotsika mtengo mwa otsala, kenaka uone ngati likukutsegulira njira yotchipa yofikira ena.

Tsopano fufutani mzere wa pakati pa Ntcheu ndi Chingeni. Marauta awiriwo alengeza nthawi yomweyo kuti chingwecho palibe, ndipo aliyense awerengeranso. Masasa apeza Chingeni pa 45 kudzera ku Golomoti. Nanga Ntcheu? Ayenera kubwerera ku Masasa, kutsika ku Golomoti, n'kukafika pa Chingeni pa mtengo wa 55. Ndi ulendo wozungulira, koma uthenga ufika popanda munthu kukhudza kanthu.

Pa marauta enieni, munthu akapanda kulemba mtengo, rauta imauwerengera yokha. Ya Cisco imatenga 100 n'kugawa ndi liwiro la chingwe mu Mbps. Chingwe cha 10 Mbps mtengo wake ndi 10, cha 100 Mbps ndi 1. Vuto n'lakuti cha 1,000 Mbps nachonso chimapatsidwa 1, chifukwa mtengo sutsika kupitirira pamenepo. Motero rauta imalephera kusiyanitsa fayiba yothamanga ndi chingwe chakale. Amisiri amakonza zimenezi polemba auto-cost reference-bandwidth 10000 pa marauta onse, kapena polemba okha mtengo pa khomo lililonse monga tichitire ife.

Kukhazikitsa OSPF

Simufunika kugula marauta kuti muphunzire. Pulogalamu ya Packet Tracer, imene Cisco Networking Academy imapereka ulere kwa amene alembetsa, imakulolani kumanga netiweki yoyerekeza pa kompyuta. Ikani marauta anayi a mtundu wa 2911, chifukwa iliyonse ili ndi makomo atatu: g0/0, g0/1 ndi g0/2. Alumikizeni mozungulira. Ikaninso kompyuta imodzi kumbuyo kwa Masasa ndi ina kumbuyo kwa Chingeni.

Musanalembe lamulo lililonse, lembani maadiresi papepala. Chingwe cha Masasa ndi Ntcheu chikhale 10.0.1.0, Masasa atenge 10.0.1.1 ndipo Ntcheu 10.0.1.2. Cha Ntcheu ndi Chingeni chikhale 10.0.2.0, Ntcheu atenge 1 kumapeto, Chingeni 2. Cha Chingeni ndi Golomoti chikhale 10.0.3.0, Chingeni 1, Golomoti 2. Cha Golomoti ndi Masasa chikhale 10.0.4.0, Golomoti 1, Masasa 2. Zingwe zonse zinayi zikhale ndi masiki ya 255.255.255.252, imene imangosiya maadiresi awiri ogwiritsa ntchito. Makompyuta a ku Masasa akhale mu 192.168.1.0 ndipo a ku Chingeni mu 192.168.3.0.

Pa rauta ya Masasa lembani izi, mzere umodzi nthawi imodzi:

enable
configure terminal
hostname Masasa
interface g0/0
ip address 10.0.1.1 255.255.255.252
ip ospf cost 10
no shutdown
interface g0/1
ip address 10.0.4.2 255.255.255.252
ip ospf cost 30
no shutdown
interface g0/2
ip address 192.168.1.1 255.255.255.0
no shutdown

Mpaka pano tangopereka maadiresi ndi mitengo, n'kutsegula makomo. Makomo a rauta ya Cisco amabwera otseka, n'chifukwa chake no shutdown ndi wofunika. Tsopano tiyatse OSPF:

router ospf 1
router-id 1.1.1.1
network 10.0.1.0 0.0.0.3 area 0
network 10.0.4.0 0.0.0.3 area 0
network 192.168.1.0 0.0.0.255 area 0
passive-interface g0/2
end
copy running-config startup-config

Nambala 1 ya pamzere woyamba ndi ya m'kati mwa rauta yomweyo, ndipo sikofunikira kuti ifanane ndi ya anansi. Router-id ndi dzina la rauta pa mapu, ndipo marauta awiri asakhale ndi dzina limodzi. Ntcheu mupatseni 2.2.2.2, Chingeni 3.3.3.3, Golomoti 4.4.4.4. Mizere ya network ikuuza rauta makomo amene ayenera kulowa mu OSPF. Manambala ngati 0.0.0.3 ndi masiki yotembenuza, imene mumaipeza pochotsa masiki yanu ku 255.255.255.255. Onetsetsani kuti Masasa sanatchule Chingeni paliponse. Rauta iliyonse imangonena za makomo ake. Passive-interface ikuletsa moni kutuluka pa khomo la makompyuta, popeza kumeneko kulibe rauta yoti iyankhe, koma netiwekiyo imalengezedwabe. Mzere womaliza umasunga ntchito yanu. Mukauiwala, magetsi akangothima zonse mwalembazo zapita.

Chitani chimodzimodzi pa marauta atatu otsalawo, aliyense ndi maadiresi ake. Mtengo wa chingwe muulembe mbali zonse ziwiri, chifukwa rauta imawerenga mtengo wa khomo lotulukira. Mukalemba mbali imodzi yokha, uthenga ungapite njira ina n'kubwerera ina. Makompyuta awiri aja apatseni 192.168.1.10 ndi 192.168.3.10, ndipo aliyense muuze adiresi ya rauta yake ngati chipata chotulukira.

Kuyesa ngati zatheka

Mukamaliza dikirani pafupifupi mphindi imodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pa zingwe za Ethernet marauta amayamba asankhana mtsogoleri wa chingwecho, wotchedwa DR, ndi womutsatira, wotchedwa BDR. Kenaka lembani show ip ospf neighbor pa Masasa. Muyenera kuona anansi awiri, 2.2.2.2 ndi 4.4.4.4, ndipo pambali pa aliyense pakhale liwu lakuti FULL, kusonyeza kuti mapu awo afanana.

Lembaninso show ip route. Mizere yoyamba ndi chilembo O ndi njira zimene rauta yaphunzira kudzera mu OSPF. Pa mzere wa 192.168.3.0 muona manambala 110/21. Nambala 110 ndi mlingo umene Cisco imakhulupirira nawo OSPF poyerekeza ndi ndondomeko zina. Nambala 21 ndi 20 tinapeza papepala ija, kuphatikiza 1 wa khomo lomaliza lopita ku makompyuta a ku Chingeni. Pa kompyuta ya ku Masasa lembani tracert 192.168.3.10, ndipo muona uthenga ukudutsa pa 10.0.1.2, amene ndi Ntcheu.

Tsopano kokololani mlatho. Pitani pa rauta ya Ntcheu, lowani pa khomo lopita ku Chingeni, lembani shutdown. Pakapita masekondi ochepa bwerezani show ip route pa Masasa. Nambala 21 ija yasanduka 46, ndipo tracert ikuonetsa 10.0.4.1, amene ndi Golomoti. Kusinthaku kwafulumira chifukwa marauta aona okha khomo likuzima. Pakati pawo pakanakhala chipangizo china chobisa vutolo, akanadikira masekondi 40 aja. Lembani no shutdown, ndipo ubale ukabwerera uthenga ubwereranso mu M1.

Zikakanika

Anansi akapanda kuoneka, musayambe n'kufufuta zonse. Yambani ndi ping kuona ngati marauta awiriwo akufikana pa chingwe chawo. Ngati sakufikana, vuto lili pa adiresi, pa chingwe kapena pa khomo lotseka. Ngati akufikana, fananitsani mbali ziwirizo. Nambala ya area ikhale imodzi, masiki ikhale imodzi, nthawi za moni zikhale zofanana, ndipo router-id ikhale yosiyana. Onaninso ngati simunaike passive-interface pa khomo lopita kwa mnansi. Ubale ukaima pa EXSTART osafika pa FULL, nthawi zambiri ndiye kuti makomo awiriwo sakugwirizana pa kukula kwa paketi, kumene kumatchedwa MTU. Lamulo la show ip ospf interface limaonetsa zambiri mwa zimenezi.

Netiweki ikakula kwambiri mapu amalemera, ndipo chingwe chimodzi chikamangoyaka n'kuzima marauta onse amavutika ndi masamu. N'chifukwa chake OSPF imalola kugawa netiweki m'madera. Dera 0 ndiye msana, ndipo madera ena onse amalumikizana nalo, monga misewu ya ku Tsangano ndi ku Kasinje imalowera mu M1. Rauta ya m'dera lina imadziwa bwino mapu a kwawo, koma za kunja imangomva mwachidule kuchokera kwa rauta ya pamalire.

Nsomba ikawola imodzi

Mphamvu ya OSPF ndi yakuti chilengezo cha rauta imodzi chimafika paliponse, ndipo kuopsa kwake kuli pomwepo. Pa 27 Okutobala 1980 ARPANET inaima kwa maola angapo. Makina amodzi owonongeka anasokoneza nambala ya chilengezo, moti panakhala makope atatu a chilengezo chimodzi, lililonse likuoneka latsopano kuposa linzake. Makina onse anatanganidwa kupatsirana makopewo mosalekeza mpaka ntchito ina yonse inaima. Ndondomeko za lero zinakonzedwa kuti vuto limeneli lisabwerezeke, komabe mmisiri akalemba adiresi yolakwika pa rauta imodzi, anzake onse aikhulupirira. N'chifukwa chake pa netiweki yeniyeni amaika mawu achinsinsi pakati pa anansi kuti rauta yachilendo isalowerere, amasunga kope la zimene zilipo asanasinthe kanthu, ndipo kusintha kwakukulu amakuchita usiku pamene ogwiritsa ntchito ali ochepa.

Zimene OSPF singachite

OSPF imasankha pakati pa misewu imene ilipo, siimanga msewu. Fufutani Golomoti pa chithunzi chanu, ndipo mlatho ukakokoloka Masasa ndi Chingeni asiyana, ngakhale malamulo onse mutalemba molondola. Zingwe ziwiri zokwiriridwa mu ngalande imodzi nazonso ndi msewu umodzi, chifukwa khasu limodzi lingadule zonse.

Dziko lathu limadziwa bwino zimenezi. Malawi alibe gombe la nyanja yamchere, choncho intaneti yathu yakunja imadzera m'maiko oyandikana nawo monga Tanzania ndi Mozambique kuti ikafike pa zingwe za pansi pa nyanja. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri, EASSy ndi SEACOM, zinaduka nthawi imodzi kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti inavuta m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi, Tanzania, Mozambique ndi Kenya. Mauthenga anakhamukira pa njira zotsala, zimene zinachepa. Pakati pa kampani ndi kampani, ndondomeko imene imasankha njira ndi BGP, pomwe OSPF imagwira ntchito m'kati mwa bungwe limodzi. Komabe phunziro lake ndi lomwelo, kuti njira yachiwiri iyenera kukonzedwa vuto lisanagwe. Malo osinthanirana mauthenga a Malawi Internet Exchange, amene anayamba ku Blantyre mu 2008, amathandizanso pa zomwezi, popeza uthenga wochokera ku kampani ina ya m'dziko muno kupita ku inzake sufunika kuyamba wakazungulira kunja.

Ntchito yoti muyese

Pa chithunzi chanu onjezani rauta yachisanu, Kasinje, pakati pa Golomoti ndi Chingeni. Golomoti ndi Kasinje mtengo ukhale 5, Kasinje ndi Chingeni 10. Kenaka kokani chingwe chatsopano kuchokera ku Ntcheu kupita ku Kasinje, cha mtengo wa 12. Werengerani papepala: mlatho uja ukakokoloka, Ntcheu afika pa Chingeni pa mtengo wanji? Nanga Masasa adzerabe Khwekhwerere? Lembani mayankho anu musanayatse kompyuta, kenaka mangani netiwekiyo mu Packet Tracer muone ngati marauta agwirizana nanu. Ngati makompyuta ndi ochepa, ophunzira asanu akhoza kukhala marauta. Aliyense alembe patimapepala anansi ake ndi mitengo yawo basi, mupatsirane mpaka aliyense akhale ndi zilengezo zonse zisanu, kenaka aliyense ajambule mapu payekha. Mapu asanuwo akasiyana, fufuzani kapepala kamene kanasochera kapena kamene kanalembedwa molakwika.